Manja Amene Anabisidwa M'thovu

Ndikukumbukira kuti ndili ndi zaka zisanu ndi ziwiri amayi anga anali aakulu kuposa nyumba yathu. Anali pachikwangwani chotsatsa sopo, m'mbali mwa msewu waukulu wochokera m'tauni kupita ku Limbe, pamalo pamene minibasi zimachepetsa liwiro. Anavala duku loyera, atagwada pakapinga wobiriwira, manja onse awiri atamira m'beseni lodzaza thovu, akuseka mpaka mpata wa mano awo akutsogolo kuonekera. Kumbuyo kwawo kunali ababa, atakhala pampando, mwendo uli pamwamba pa unzake, nyuzipepala ili m'manja. Pambali panali ine nditanyamula kabeseni kakang'ono, ndipo chapatali panali mnyamata akumenya mpira. M'munsi mwake analembamo kuti chikondi cha mayi chimaoneka pa zovala za banja lake.

Anthu a kwathu ku Manja amene ankatidziwa akaona chithunzicho ankaseka, ndipo anali ndi chifukwa. Kwathu amayi sankachapa. Wochapa anali ababa. Iwo anali dobi pa loji ina m'tauni, ntchito imene anaphunzira kwa bambo awo, amene anachoka ku Mozambiki ali mnyamata n'kukalambira ku Limbe akuchapa ndi kusita m'nyumba za eni masitolo. Ababa ankaikonda ntchitoyi mpaka kuchititsa manyazi abale awo. Sabata yonse ankachapa nsalu za alendo, koma Loweruka m'mawa ankatulutsabe beseni kuseri kwa nyumba, kupinda manja a malaya, n'kuyamba kuchapa zathu uku akuimba mluzu. Akuti amayi atangokwatiwa anayesapo kamodzi, n'kuviika malaya oyera pamodzi ndi chitenje chofiira. Malayawo anatuluka ofiirira, ndipo kuyambira tsikulo anagwirizana kuti aliyense azigwira zimene manja ake amamva.

Manja a amayi ankamva mawailesi. Kwawo kunali ku Nsanje, koma ankagwira ntchito pakhonde la sitolo ina ku Limbe, pabenchi limodzi ndi a Zuze, bambo wakwawo komweko amene ankawatenga ngati mlongo wawo. Ankakonza mawailesi, makaseti, nthawi zina ndi mawotchi. Kumeneko n'kumene bambo wina wa kampani yotsatsa malonda anawaona akuseka, n'kunena kuti nkhope yotereyi ingagulitse sopo. Amayi anabwera kunyumba akupukuta misozi ya phwete. Anati avomera chifukwa akufuna adzione ali aakulu ngati phiri la Soche, komanso chifukwa padzakhala makatoni a sopo oti dobi wawo akondwere.

Za tsiku lojambula ndimakumbukira pang'ono. Nyumba yathu anaikana, akuti fumbi lachuluka, ndiye anatitengera pagalimoto kunyumba ina ya ku Mpingwe yokhala ndi kapinga ndi maluwa. Mnyamata wa mpira uja sanali mchimwene wanga. Ndinabadwa ndekha, koma ojambulawo anati banja lopanda mwana wamwamuna silioneka lokwanira, choncho anabwereka wa anthu oyandikana nawo. Iyeyo anamupatsa mpira, ine kabeseni. Zina zonse zimene mutu wanga unasunga ndi mabisiketi amene anatipatsa, ndi dzuwa limene linkandilasa m'maso akamati ndimwetulire.

Chaka chotsatira, nthawi ya mvula, amayi anadwala. Sanadwale nthawi yaitali. Tinakawaika kwawo ku Nsanje, ndipo titabwerera ku Manja nyumba inangoti zii. Zithunzi zawo tinali nazo ziwiri zokha: china cha paukwati chimene chinyezi chinadya nkhope, ndi kena kakang'ono ka pachitupa kamene anajambulitsa atakwinya nkhope ngati akukana mlandu. Manda anali kutali, si koti munthu n'kumapitako mwezi ndi mwezi. Koma chikwangwani chija chinalipobe, pakuti eni ake sanafulumire kuchisintha.

Choncho Lamlungu lililonse tikatuluka m'tchalitchi, ababa ankandikweza minibasi ya ku Limbe n'kuuza kondakitala kuti atitsitse panjira. Makondakitala ena anafika potizolowera, moti ankangomenya chitseko tisananene. Tinkaima tsidya lina la msewu, pansi pa mtengo, n'kumayang'ana m'mwamba. Ababa ankavula chipewa. Ine ndinkawauza amayi zakusukulu chamumtima, dzino limene lagweruka, mnzanga amene wandilanda pensulo. Tikatha ankandigulira chimanga chootcha, tizibwerera. Anthu odutsa ankaganiza kuti tikudikira galimoto.

Chimene sitinadziwe tonse awiri n'chakuti mayi wa pachikwangwani ankalowa m'mutu mwanga pang'onopang'ono, akumuthamangitsa mayi weniweni. Sichinali chinthu chochitika tsiku limodzi. Ndikatseka maso kuti ndiwaone amayi, ankabwera atavala duku loyera. Ndikawalota, ankakhala atagwada pakapinga, chonsecho pakhomo pathu panalibe udzu ndi umodzi womwe. Mayi wa pamsewu ankandisekerera sabata iliyonse, sankatopa, sankakalipa, sankabwera kunyumba akudandaula msana. Mwana wa msinkhu umenewo sakanatha kumukana.

Azakhali anga, achemwali awo a ababa okhala ku Soche, anathirirapo mchere. Ankabwera pafupipafupi kudzationa, ndipo ankandikonda, zimenezo sindikana. Koma nkhani ya beseni inkawadya mumtima kuyambira kale.

"Achimwene, mwana wamkaziyu akukula," anatero tsiku lina atapeza ababa akuyanika. "Munthu wamkulu ngati inu kumayanika madiresi pachingwe, mwana alipo? Anthu akutiseka."

Ababa anangoyankha kuti anthuwo aziseka atavala zoyera. Ndiye azakhali anatembenukira kwa ine. "Iwe Tamanda, ukawaona amayi ako pamsewu paja amakhala akutani? Eya, uzitengera pomwepo."

Azakhali ankadziwa bwino lomwe kuti alamu awo sankagwira beseni, ndipo ali moyo ankawanena nazo. Koma ndinaona pambuyo pake kuti munthu akamwalira, otsala amamukonzakonza mpaka afanane ndi zimene iwo ankafuna. Ine mawu awo anandilowa. Ndinayamba kumanga kansalu koyera kumutu, kugwada pafumbi kuseri kwa nyumba, n'kumachapa masokosi anga uku ndikumwetulira ndekha, mutu utapendekeka ngati mmene unalili wa pachithunzi. Ndinkaona ngati ndikatero amayi akundiona, ndipo akukondwera nane.

Loweruka lina, ndili ndi zaka pafupifupi khumi, ababa anatulutsa beseni monga mwa masiku onse. Atangopinda manja a malaya, ndinalowa m'nyumba, n'kutulutsa mpando, n'kuuika pamthunzi. Ndinafunafuna nyuzipepala, ndipo ndinapeza yakale imene tinkayala m'kabati.

"Ababa, khalani apa muziwerenga," ndinatero. "Ndichapa ine, ngati mmene ankachitira amayi."

Mluzu unaduka. Anandiyang'ana, kenaka anayang'ana mpando, kenaka nyuzipepala. Sanakwiye. Ananjuta kuti tifanane msinkhu, madzi akudontha m'zigongono.

"Tamanda, amayi ako unawaonapo kuti akuchapa?"

"Pachikwangwani."

"Kwina?"

Ndinafufuza m'mutu monse, koma kwinako kunalibe.

"Nanga manja awo ukuwakumbukira? Tandiuza mmene ankaonekera."

Ndinatseka maso ndi chikhulupiriro chonse, pakuti ndinkadziwa kuti amayi anga ndimawadziwa. Duku linabwera. Mpata wa mano unabwera. Ndinatsika nawo m'mapewa, m'mikono, mpaka pamfundo za manja. Kuyambira pamenepo panali thovu lokhalokha. Ndinayesa kulikankha, ndinayesa kulipemerera ngati mmene ndinkachitira m'beseni, koma pansi pake panalibe kanthu. Manja amene anandisambitsa, kundidyetsa ndi kundiluka tsitsi anali atasowa, ndipo ine sindinadziwe n'komwe tsiku limene anasowera. Ndinachita mantha amene sindinachitepo ngakhale pamaliro. Ndinalira mokuwa, mpaka amayi oyandikana nafe anasuzumira pampanda.

Ababa anandikumbatira ndi manja onyowa omwewo. "Cholakwa n'changa, mwana wanga. Ndimakutengera kolakwika. Vala nsapato."

Zovala tinazisiya zili choviikidwa, chinthu chimene ababa sanachitepo chibadwire. Tinakwera minibasi ya ku Limbe. Titafika pachikwangwani kondakitala anamenya chitseko, koma ababa anamuuza kuti lero tipitirira. Ndinazyolika mpaka tinadutsa.

Ku benchi la amayi ndinali ndisanapiteko chimwalirire iwo. Ndikuganiza kuti ababa ankapaopa. A Zuze tinawapeza atawerama pa wailesi yotsegula pamimba, magalasi ali pamphuno. Atatiwona anaimirira msangamsanga mpaka kugwetsa mpando.

"Alamu, mwatitaya chotere? Uyu ndi Tamanda? Wakula ngati bango."

Mbali ya amayi pabenchipo inali ilipobe, palibe amene anakhalapo. A Zuze anandikhazika pamenepo, iwo n'kupitiriza ntchito uku akucheza ndi ababa. Anatenga chitsulo chowotcherera mawaya n'kuchigunditsa pa mtovu. Kautsi koyera kanakwera, kakununkha mowawa pang'ono, ndipo kanandilowa m'mphuno.

Fungo limenelo ndi limene linabweza amayi anga. Sanabwere ndi duku, anabwera ndi tsitsi lawo lalifupi, atavala malaya akale a ababa pamwamba pa diresi, timisomali ta wailesi atatiluma pamilomo kuti tisatayike. Kenaka manja anatuluka. Anali aafupi, olimba, zikhadabo zodulidwa mpaka pamnofu ndipo zakuda m'mphepete. Pazala panali timadontho ta zipsera za mtovu wotentha, ndipo pachala chachikulu chakumanja panali chipsera chachitali chimene ndinkakonda kuchisisita tikakhala m'tchalitchi. Ndinakumbukiranso china: akabwera kuntchito sankandigwira ndi zala, kuopa kundidetsa. Ankandisisita tsaya ndi kuseri kwa dzanja. Ndinaika dzanja langa patsaya pomwepo n'kumalira mwakachetechete, koma ulendo uno kulira kwake kunali kwina.

A Zuze anatsegula kabati ya pansi pa benchi n'kutulutsa kabokosi ka zida za amayi. Chogwirira cha sikuludiraiva chinali chitaperepeseka mbali imodzi, pamene chala chija chinkakhala. Anandiuza mmene amayi ankayikira khutu pa wailesi ngati namwino womvetsera chifuwa, ndi mmene amuna ena ankakanira kuwapatsa katundu wawo, n'kumati adikira abambowo.

"Ndiye ine ndinkalandira," anatero a Zuze akuseka, "mwini wake akangokhota pakona, ndinkapatsira mlongo wanga. Pobwera ankandiyamika ine. Mayi akowo ankangoti, landirani ulemu achimwene, ine ndilandira tiyi."

Ndinafunsa ababa chifukwa chake manja sankaoneka pachithunzi. Apo m'pamene anandiuza zimene ine ndinaphonya tsiku lija ndili kalikiliki ndi mabisiketi. Akuti titafika ku Mpingwe n'kuona beseni lili pakapinga, iwo anayamba kupinda manja a malaya mwachizolowezi. Mayi amene ankayendetsa zojambulazo anawaletsa mwaulemu, n'kuwalozera mpando ndi nyuzipepala. Kenaka anagwira manja a amayi, kuwatembenuza uku ndi uku, n'kuitanitsa sopo wina kuti thovu lichuluke. Anawauza kuti alowetse manja mpaka pansi ndipo asawatulutse.

"Ndiye kuseka kuja kunali kwabodza?" ndinafunsa. Mtima unali m'mwamba, chifukwa kusekako ndi kumene ndinkakhalira.

"Ayi," anatero ababa. "Kumeneko kokha ndiye kunali koona. Amayi ako anauma nkhope, ojambulawo anajambula kambirimbiri osatheka. Ndiye ine, nditabisala kuseri kwa nyuzi, ndinanong'ona kuti, amake Tamanda, samalani, m'besenimo mulibe chitenje chofiira? Anaphulika. Chimene umaona paja si mayi wokondwa ndi sopo. Ndi amayi ako akuseka bodza limene tonse tinkajambulitsa."

Sitinasiye kupita kuchikwangwani, koma tinachepetsa, ndipo tikachoka pamenepo tinkapitirira mpaka pabenchi. Ababa anali atalankhula kale ndi mlonda wa pafupi ndi chikwangwanicho kuti akadzamva zochitsitsa adzatidziwitse, pakuti zinsalu za zikwangwani zikatsika sizitayidwa. Anthu amazilimbirana kukafolera mashedi a pamsika, kuphimbira makala, kapena kuyanikapo chimanga. Ababa ankati sangalole kuti akazi awo akaphimbe matumba a makala a munthu wosamudziwa.

Uthenga unafika tsiku lina masana, ababa ali kuntchito, ndipo akuti anathamanga kuchoka m'tauni atavala epuloni. Ine pobwera kusukulu ndinapeza chilona chachikulu chopindidwa chitatsekereza khomo. Tinachinyamula ndi anyamata a m'dera mwathu kupita nacho pabwalo la mpira n'kuchitambasula. Pafupi chonchi nkhope ya amayi inali timadontho tokhatokha, moti kuti uwaone bwino unkayenera kubwerera m'mbuyo. Ana anazungulira, akuluakulu anaima chapatali, ndipo azakhali, amene anamva nkhaniyo n'kubwera kuchokera ku Soche, anagwira pakamwa.

Ababa anavula nsapato n'kuyenda pachilonapo atatenga sizasi yaikulu. Anayamba ndi bambo wa nyuzipepala. Anamudula bwinobwino n'kumupinda.

"Mkuluyu sindimudziwa," anatero. "Chibwerereni wangokhala. Achemwali, mtengeni akafolere khola lanu la nkhuku, mwina kumeneko agwirako ntchito."

Anthu anaseka, ndipo azakhali anaseka nawo uku akupukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje. Anamutengadi, ndipo nkhuku zawo zinagona pouma zaka zingapo.

Kenaka ababa anagwada pafupi ndi amayi. Anakhala nthawi osadula. Atayamba, anadutsitsa sizasi m'munsi mwa mapewa, kulekanitsa nkhope ndi beseni. Chigawo cha nkhope tinapita nacho ku Limbe. Khonde la a Zuze linkalowa dzuwa masana ndi mvula ya mphepo, ndiye anachimanga ngati denga kutsogolo kwa benchi, chithunzi chitayang'ana pansi. Munthu akabwera ndi wailesi yake n'kukweza maso, ankakumana ndi amayi akuseka pamwamba pa zida zawo. A Zuze anati mlongo wawo wabwerera kuntchito.

Chigawo cha beseni ndi thovu ababa anachipinda n'kuchiika kukhwapa. Ndinawafunsa kuti achitaya kuti.

"Kutaya? Beseni ili linali langa kuyambira kale. Anangondibwereka osapempha."

Analiyala kuseri kwa nyumba, pamalo ochapira, kuti matope asamathimbirire zovala. Kuyambira pamenepo Loweruka tinkachapa awiri. Anandiphunzitsa kuyamba ndi kolala ndi m'khwapa, kutembenuza chovala poyanika kuti dzuwa lisadye mtundu, ndi kusiyanitsa zoyera ndi zofiira, phunziro limene ankalipereka akumwetulira.

Tsopano ndine mayi, ndili ndi mwana wanga wamkazi, ndipo ndimakhala ku Soche. Kunena zoona, luso la amayi sindinatengere. Wailesi ikavuta ndimaimenya khofi, ikakana ndimaitana wina. Ndinatengera ababa, ndimakonda kuchapa. Munthu atandijambula Loweruka m'mawa nditagwada pabeseni angati chikwangwani chija chinkanena zoona, osadziwa kuti amene anandiphunzitsa ndi mwamuna uja anamukhazika pampando.

Zikwangwani zachuluka masiku ano kuposa kale, ndipo zina zalowa m'mafoni. Zina zasintha, koma zambiri zikunenabe zomwe zija: mayi ali ndi poto kapena thewera, bambo ali ndi makiyi a galimoto kapena akusaina mapepala ku banki. Sindikwiya nazo kwambiri, ndipo sindinena kuti mayi wochapa ndi wabodza, popeza inenso ndine mmodzi. Chimene ndinamvetsa n'chakuti chithunzi chotere sichikangana nawe. Chimangoima pamalo amodzi, tsiku ndi tsiku, chikumwetulira, mpaka umayamba kukayikira zimene maso ako anaona m'nyumba mwanu momwe. Ngati chinatha kundilanda manja a mayi wondibereka, ine amene ndinagona pachifuwa pawo, kuli bwanji mwana amene akungophunzira kumene kuti mkazi ndi ndani, mwamuna ndi ndani? N'chifukwa chake ndikamadutsa ndi mwana wanga pansi pa zikwangwani timasewera kamasewera kathu. Ndimamufunsa kuti mayi uyo akaweruka pamenepo amagwira ntchito yanji, nanga bambo uyo amaphika ndiwo zanji. Amayankha zoseketsa, koma amadziwa kuti kuseri kwa chithunzi kuli anthu.

Ababa akalamba, msana suwalolanso kuwerama, choncho pampando paja akhalapo tsopano, ngakhale amakhalapo akulamula. Loweruka lapitali anali kwathu, ine ndikuchapa, iwo akundidzudzula kuti ndafulumira kutsukuluza. Mwana wanga anabwera akulira, atagwa pamasitepe. Manja anga anali thovu lokhalokha, ndiye ndinamupukuta misozi ndi kuseri kwa dzanja, osaganizako n'komwe. Nditakweza maso ndinaona ababa asiya kulankhula, akundiyang'anitsitsa.

"Bwanji, ababa?"

Anavula chipewa n'kuchiika pabondo, ngati mmene ankachitira pansi pa mtengo uja.

"Palibe," anatero. "Ndawaona amayi ako."